Poyambira pake ndi pagombe, osati m'buku

Achemwali, mwati mwana wanu wabwera ndi ntchito yakusukulu ya mawu a Chiayirishi onena za nyanja, ndipo mukusowa poyambira kuti mumuthandize. Poti muli ku Galway, ku Ireland, musavutike ndi kuloweza mndandanda. Mayina a malo ndiye mphunzitsi woyamba.

Mutengeni mwanayo mupite ku Claddagh, pomwe mtsinje wa Corrib umathira m'nyanja. Dzinalo ndi An Cladach, gombe lamiyala. Tramore ya ku Waterford ndi Trá Mhór, gombe lalikulu lamchenga. Zilumba zitatu za Aran nazo zonse zimayamba ndi inis, chilumba: Inis Mór, Inis Meáin ndi Inis Oírr.

Ife timangoti nyanja, koma iwo amasiyanitsa. Yonga yathu ya Malawi ndi loch, yamchere ndi farraige, Atlantic ndi aigéan. Muir mudzaiona m'mayina ngati Muir Éireann, nyanja ya pakati pa Ireland ndi Britain.

Pomwe ndikufuna mukhalitsepo ndi pa taoide, kukwera ndi kuphwa kwa madzi kawiri pa tsiku, chinthu chomwe ku Salima kapena ku Nkhata Bay sitichiona. Madzi akadzaza amati lán mara, akaphwa amati lag trá. Pitani nthawi ya lag trá, miyala ili poyera. Mwana agwire feamainn, ndere zoterera zija, atembenuze mwala aone portán, nkhanu, ikuthawira m'mphako, kwinaku faoileán, mbalame yoyera ya kunyanja, ikulira pamwamba. Chomwe wachigwira ndi dzanja sadzaiwala dzina lake. Feamainn imeneyi musaipeputse: anthu a ku Aran ankaisakaniza ndi mchenga n'kupanga dothi lolimapo mbatatesi pathanthwe. Koma muzikhala tcheru, chonde, madzi amabwerera mwamsanga.

Chovuta kwenikweni ndi katchulidwe. Musawerenge zilembo monga timachitira m'Chichewa. Farraige ikatsogoleredwa ndi an, kamawu kofanana ndi the wa Chingerezi, imalembedwa an fharraige, ndipo fh uja satchulidwa n'komwe, pomwe bád, boti, imangokhala an bád. Pa tsamba la pa intaneti la teanglann.ie mawu amamveka m'katchulidwe ka zigawo za Connacht, Munster ndi Ulster. Inu sankhani ka Connacht, ndiko ka komwe mukukhalako. Muzitsegulanso Raidió na Gaeltachta, wailesi ya Chiayirishi, pophika. Wailesiyi idayamba mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Casla, ku Connemara, kumadzulo kwa Galway konko. Nyengo yofunda ikafika, kwerani boti pa doko la Ros an Mhíl kupita ku Aran, mwana akaone curach, bwato lamakolo lakumeneko, ndi maso ake, abwerenso atamva eni ake akuitchula.