Malume, za Peugeot 504 ndi Benz 240D zija

Malume, mwaswera bwanji? Ndangoweruka kumene kugalaja, ndiye ndati ndikuyankheni pakamwa, kulemba kungatalike. Mwafunsa kuti pa magalimoto awiri mwaona akugulitsa aja, Peugeot 504 ya petulo ndi Benz 240D, mutenge iti. Ine ndikuti tengani Benz, ngakhale mtima wanga uli pa 504. Ndifotokoze.

Pa liwiro 504 ili patsogolo. Injini yake ya malita awiri imatulutsa mahosipawa opitirira 90. Benz ija ndi dizilo yopanda turbo, mahosipawa 72 basi, ndipo zoyambirira zinali ndi 65. Kuti ifike liwiro la makilomita 100 pa ola pamapita masekondi oposa 20. Chitunda cha Chiweta idzakwera ndithu, koma mwapang'onopang'ono, ndipo musanapitirire thiraki pa M1 muziyamba mwaonetsetsa kutsogolo.

Tsono pa msewu wafumbi, eee, 504 ilibe mnzake. Masipuling'i ake ndi ataliatali, imangomeza mabampu, munthu uli phee pampando. Chiwongolero ukangochikhudza galimoto yamva kale. Mu 1975 inapambana Safari Rally ku Kenya, ndipo komweko anapitiriza kuimanga mpaka 2004, pomwe ku France anali atasiya kalekale. Msewu wopita kumudzi kwa agogo uja, nthawi ya mvula, ine ndingasankhe 504. Benz ndi yolemera, imakhazikika bwino pa phula, koma ikakalamba chiwongolero chimasewera pakati.

Koma malume, galimoto yakale imadya ndalama pa masipeya. Mtundu wa Benz uwu, W123, anaupanga oposa 2.6 miliyoni kuyambira 1976, ena ankamangidwa ku East London ku South Africa, ndiye zipangizo zake mukaitanitsa ku Joni zimabwera. Za 504 mpaka mufunse ku Nairobi kapena ku Nigeria, galimoto ili pamiyala miyezi. Ndaziona kwa makasitomala athu, zimapweteka. Komanso Benz imamwa mafuta pang'ono, ilibe kabuleta yovuta kutchuna. Chokwera mtengo ndi pampu ya dizilo, ndiye dizilo wa m'zigubu ayi, chonde, ndipo fyuluta muzisintha nthawi yake. Palinso timapaipi ta vacuum, toyamwa mpweya pozimitsa injini: tikabooka, mumachotsa kiyi injini osazima. Musadzachite mantha, ndi ntchito yaing'ono.

Musanalipire ngakhale tambala, muone dzimbiri. Injini ndingakonze, koma bodi yowola ndi ndalama zotaya. Tukulani makapeti, yang'anani pansi pa batire ndi moikamo jeke monse munayi. Mwini wake muwauze asailize inu musanafike, mukaione ikulira m'mawa injini ili yozizira. Ikavuta kulira kapena utsi wabuluu ukapitirira, isiyeni.

Munditumizire zithunzi za pansi pake m'gulu muno. Loweruka ndili ndi mpata, tipite limodzi tikaiyendetse.