Laputopu ikukana kulowa mu domain: yambani ndi DNS

Achimwene, mwati laputopu yatsopano ya ku ofesi kwanu ku Luwinga ikukana kulowa mu domain (netiweki ya ofesi yoyendetsedwa ndi seva), ikungoti domain controller (seva yoyang'anira domain) sakupezeka, chonsecho intaneti ikuyenda bwinobwino.

Ine ndikukayikira DNS, yomwe imathandiza kompyuta kupeza seva pogwiritsa ntchito dzina lake. Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig /all, muone mzere wa DNS Servers. Mukapezapo 8.8.8.8 (seva ya DNS ya Google) kapena adiresi ya rauta, vuto ndi lomwelo. Kuli ngati kufunsa njira ya kumudzi kwanu kwa mlendo wongotsika basi m'depoti. Seva ya Google siidziwa seva ya mu ofesi mwanu. Ikanipo IP ya domain controller yokha, musaonjezere 8.8.8.8 ngati yachiwiri, chifukwa Windows ikatembenukira kumeneko vuto libwereranso. Ngati foni yanu ikupereka hotspot, zimitsani Wi-Fi mutsale ndi chingwe. Kenako lembani ipconfig /flushdns, muyesenso ndi dzina lonse la domain, osati lachidule.

Onaninso wotchi. Kerberos, njira yotsimikizira amene akulowa mu domain, salola kuti laputopu ndi seva zisiyane kuposa mphindi 5. Magetsi akathima pamene kabatire ka CMOS (kosunga nthawi mkati mwa kompyuta) kanatha, seva imadzuka ndi tsiku lolakwika. Nthawi yathu ndi UTC+02:00, ija yolembedwa Harare, Pretoria.

Malaputopu ambiri ogulidwa m'mashopu amabwera ndi Windows Home, ndipo imeneyo siilowa mu domain ngakhale mutatani. Pamafunika Pro, Enterprise kapena Education.

Zikakanikabe, tsegulani C:\Windows\debug\NetSetup.log, mutitumizire mizere yomalizira, koma mufufute mayina a seva.