Ulendo wa ku Johannesburg: tikakwerere ndege ku Lusaka kapena ku Lilongwe?

Mayi wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi ali woyembekezera ku Johannesburg, masiku ayandikira, ndipo mayiwo akufuna kupitako koma sanakwerepo ndege. Akufunsa kuti: "Anzanga akuti ndege ya ku Lusaka ndiyo yachangu kuposa ya ku Lilongwe. Ndi zoona?"

Mayi, anzanuwo sananame. Kuchokera pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,200, ndipo ndege imatenga maola awiri. Kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,500, maola awiri ndi theka. Kusiyana kwake n'kochepa chifukwa ndege ikafika m'mwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, choncho makilomita 300 owonjezerawo imawadya m'kanthawi. Wotchi simusintha, nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi.

Koma anzanuwo ayambira kuwerenga pa chitseko cha ndege, pamene inu mudzayambira pa khomo la nyumba yanu. Apa ndipo pagona nkhani.

Kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Basi imanyamuka tambala asanalire kachiwiri, mudutse Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mutsike mapiri okhotakhota aja mpaka pa mlatho wa Luangwa pomwe amayi amakutsatsani nsomba zouma pawindo. Mukamafika ku Intercity, siteshoni ya mabasi ku Lusaka, maola asanu ndi atatu apita, miyendo yatupa, msana ukuwawa. Ndege ya tsiku lomwelo musaiyembekezere. Mudzagona kwa abale kapena kulipira malo ogona, ndipo ndalama imeneyo muiwonjezere pa mtengo wa tikiti. Ine ndinaperekezapo azakhali anga njira imeneyi, ndipo anakafika kwa mwana wawo ali otheratu, masiku awiri akungogona.

Lilongwe ili pakhomo pathu. Kufika pa Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi, ndi theka la ola, ndipo kuyambira 2022 chipatacho chimagwira ntchito pamodzi ndi cha Mchinji, mumaima pamalo amodzi basi. Kufika mumzinda ndi makilomita pafupifupi 150 kuchokera kuno. Kumbukirani kuti bwalo la ndege lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzindawo, ndiye muuziretu wa takisi. Mutha kudya phala kunyumba m'mawa, madzulo n'kukhala mutagwira dzanja la mwana wanu.

Ine ndikanakhala inu ndikanakwerera ku Lilongwe, pokhapokha tikiti ya ku Lusaka itatsika mtengo kwambiri. Muuzeni mwanayo afananize mitengo iwiriyo pa intaneti. Pasipoti ikhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa ufa ndi nyemba zomwe mukumutengera, chifukwa idzafunika pa Mwami musanaione n'komwe ndegeyo. Pabwalo mukafike kutatsala maola atatu, ndipo pa Mwami mudzisiyire nthawi yokwanira, pakuti pamakhala mzere masiku ena.