Musagule RAM musanadziwe amene akudya

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina amene amasamalira seva imodzi pa bungwe lina ku Luwinga. Pa sevayo pali database, webusaiti, pulogalamu ya malipiro ndi backup ya usiku. Akuti mwezi ukamatha makina amakwawa, akatsegula top (pulogalamu yoonetsa zimene makina akuchita) memory imaoneka yodzaza, ndipo abwana avomera kale kugula RAM ina, ndiye kuti kuonjezera memory. Iye akufuna kudziwa kuti mwa ntchito zinayizi, ndi iti ikumaliza purosesa, memory ndi disiki.

Achimwene, mwafunsa funso loyenera, koma choyamba agwireni kaye dzanja abwanawo asanasaine kotesheni. Mawu akuti "memory yadzaza" agulitsa RAM yambiri imene sinathetse vuto lililonse, ndipo izi zimandiwawa chifukwa zipangizozi zimabwera ndi madola. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe bungwe laling'ono limene lingagule chitsulo pongoganizira.

Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa seva ngati yanuyi, sikonda kuona memory ikungokhala. Ikatsala, imasungiramo mafayilo amene yawerenga posachedwapa kuti isabwererenso ku disiki, ndipo pulogalamu ikafuna malowo imawabweza. Ndiye mukalemba free -h, musayang'ane pa free, yang'anani pa available. Seva ya 16 GB yoonetsa free 400 MB koma available 9 GB ili bwinobwino. Load average nayonso imasokoneza anthu. Pa Linux nambalayi imawerenga ntchito zodikira purosesa pamodzi ndi zimene zakakamira kudikira disiki. Mukhoza kuona load ya 12 pa makina a ma core 4 (zigawo za purosesa zogwira ntchito pazokha) purosesa ikungogona, wolakwa ali disiki.

Vuto la manambala onsewa ndi lakuti ndi a makina athunthu. Zili ngati nyumba ya lendi ku Chibavi, mabanja anayi mita imodzi. Mayunitsi akatha aliyense amaloza mnzake, ndipo kuonjezera mayunitsi sikuulula amene amagona ndi hotipuleti yoyaka. Chofunika ndi mita ya khomo lililonse.

Mita imeneyo ili kale m'makina anu, dzina lake cgroups: njira imene Linux imaikira mapulogalamu m'magulu n'kumawerengera gulu lililonse palokha. Anaiyamba mu 2006 akatswiri awiri a ku Google, Paul Menage ndi Rohit Seth, ndipo inalowa mu Linux 2.6.24 kumayambiriro kwa 2008. Mtundu wachiwiri, cgroup v2, unakhazikika mu Linux 4.5 mu 2016, ndipo mitundu ya Linux ngati Debian 11 ndi Ubuntu 22.04 imabwera nawo kale. Kuti mutsimikize, lembani stat -fc %T /sys/fs/cgroup/ ndipo yankho likhale cgroup2fs. Service iliyonse (pulogalamu yoyenda yokha kuseri) imene systemd, woyang'anira ma service, yadzutsa imaikidwa m'gulu lakelake, kontena iliyonse ya Docker (pulogalamu yotsekeredwa m'bokosi lakelake) chimodzimodzi. Lembani systemd-cgtop, muona magulu onse pamndandanda, lililonse ndi purosesa, memory ndi zolowa ndi zotuluka pa disiki. Purosesa ikaonetsa 250, musadabwe, ndiye kuti gululo lagwira ma core awiri ndi theka. Malo a disiki akakhala opanda kanthu, ikani DefaultIOAccounting=yes mu /etc/systemd/system.conf.

Pali msampha umodzi apa. Backup imene imadzutsidwa ndi cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, ilibe gulu lake, imabisala pansi pa cron.service pamodzi ndi tintchito tina tonse. Chimene mwayendetsa nokha mutalowa m'seva muli patali pa SSH chimagwera mu user.slice. Ngati mukufuna kuweruza mwachilungamo, ntchito iliyonse ikhale ndi khomo lake: isamutseni backup ikhale service yokhala ndi timer, kapena muziidzutsa ndi systemd-run --slice=backup.slice.

Ndinene molimba zimene ndimakhulupirira. Funso lakuti "ndani akudya kwambiri" ndi theka chabe. Lofunika koposa ndi lakuti "ndani akudikira". Database yodya 80 peresenti ya purosesa popanda wina wovutika ikugwira ntchito imene munaigulira makinawo. Choipa ndi pamene wowerengera ndalama wakhala akuyang'ana sikirini chifukwa pulogalamu ya malipiro yaima pamzere. Kuyambira Linux 4.20, kumapeto kwa 2018, pali PSI (Pressure Stall Information), imene inachokera kwa akatswiri a ku Facebook, ndipo imayeza kudikira kumeneku. M'gulu lililonse muli mafayilo atatu: cpu.pressure, memory.pressure ndi io.pressure. Tsegulani, mwachitsanzo, /sys/fs/cgroup/system.slice/mariadb.service/io.pressure. Mzere wa some ukunena gawo la nthawi imene ntchito ina ya m'gululo inaima kudikira, mzere wa full ukunena nthawi imene zonse zinaima. Manambala a avg10, avg60 ndi avg300 ndi a masekondi 10, 60 ndi 300 apitawo. Mukaona some avg60=30.00, ndiye kuti pa mphindi yapitayo masekondi 18 anapita ndi kudikira disiki. Ameneyo ndiye umboni wopita nawo kwa abwana.

Ndipo sindigwirizana ndi chizolowezi chothamangira ma dashboard okongola munthu asanaphunzire kuwerenga mafayilo amenewa. Grafana, pulogalamu yojambula ma dashboard amenewa, ndi yabwino, koma imajambula chilichonse chimene mwaipatsa, ngakhale nambala yolakwika.

Purosesa

Fayilo yake ndi cpu.stat. Mzere wa usage_usec ndi nthawi yonse imene gulu lagwiritsa ntchito purosesa. Koma ngati wina anaika malire, monga CPUQuota=50% kapena --cpus pa Docker, yang'anani nr_periods, nr_throttled ndi throttled_usec. Malirewa amagwira ntchito m'zigawo za mamilisekondi 100. Gulu la 50 peresenti limapatsidwa mamilisekondi 50 pa chigawo chilichonse. Pulogalamu ikadzutsa ma thread (tizigawo ta ntchito yake toyenda limodzi) 8 nthawi imodzi pa ma core 8, gawo lake limatha m'mamilisekondi 6 okha, kenako imaimitsidwa kwa ena 94 otsalawo. Mu top zonse zimaoneka zabata, anthu akudandaula kuti webusaiti ikugwiragwira. Gawani nr_throttled ndi nr_periods, nambala ikamakwera ndiye kuti malire athina. Pa seva imodzi ngati yanuyi ndimakonda CPUWeight kuposa CPUQuota, chifukwa CPUWeight imangogawa purosesa pamene pali kulimbirana, pakakhala mpata aliyense amadya momasuka.

Memory

Apa mpamene pali nkhani yanu, ndikuganiza. Nambala ya memory.current imaphatikiza mafayilo osungidwa aja, ndiye tsegulaninso memory.stat. Mzere wa anon ndi memory imene pulogalamuyo yagwiradi, mzere wa file ndi mafayilo, ndipo ambiri a iwo akhoza kutayidwa. Mafayilowa amalembedwa pa gulu limene linayamba kuwawerenga. Backup ikawerenga ma gigabyte 40 usiku, imakankha kunja mafayilo amene database inali itasunga, makamaka ngati ndi PostgreSQL imene imadalira kwambiri kusunga kwa Linux. M'mawa database imayambiranso kutunga zonse ku disiki, anthu n'kumati makina akalamba. Mankhwala ake ndi kuika MemoryHigh, tinene 1G, pa gulu la backup, kuti izitaya zake zomwe isanakhudze za anzake.

MemoryHigh ndi MemoryMax musazisokoneze. Yoyamba imachedwetsa gulu ndi kulilanda memory pang'onopang'ono. Yachiwiri ndi khoma: likafika pamenepo ndipo palibe cholanda, Linux imapha pulogalamu. Zimenezi zimalembedwa mu memory.events pa mzere wa oom_kill, ndipo kontena ya Docker yophedwa chonchi imatuluka ndi nambala 137. Database musaiikire MemoryMax yothina. RAM yatsopano ikufunikadi ngati anon ya magulu onse yayandikira kukula kwa RAM, available yatsika, vmstat 1 ikuonetsa si ndi so (memory yobwerera kuchokera ku disiki ndi yokankhidwira ku disiki) zikuyenda osaleka, ndipo memory.pressure yakwera. Zinayizi zikagwirizana, gulani.

Disiki ili ndi nkhope ziwiri, liwiro ndi malo. Za liwiro zili mu io.stat: rbytes ndi wbytes ndi kuchuluka kwa zowerengedwa ndi zolembedwa, rios ndi wios ndi maulendo ake. Pa disiki yozungulira maulendo ndiwo amapha, chifukwa ya 7200 rpm imangokwanitsa maulendo pafupifupi 100 pa sekondi ikamadumphadumpha. Onjezani iostat -x 5 muone r_await ndi w_await, nthawi imene kuwerenga ndi kulemba kukudikira. IOWeight, yogawa disiki ngati mmene CPUWeight imagawira purosesa, sigwira pa makina onse, imadalira scheduler (wokonza mzere wa ntchito za disiki), ndiye chotsimikizika pa backup ndi IOReadBandwidthMax=/dev/sda 20M. Ngati seva ili ndi kadi ya RAID, yomanga madisiki angapo kukhala ngati imodzi, funsaninso za batire lake. Likafa, kadiyo imasiya kusunga zolembedwa m'memory yake ndipo kulemba kumachedwa koopsa popanda pulogalamu iliyonse yolakwa. Kuno kumene magetsi amathimathima, batire limeneli ndi la UPS, bokosi losunga magetsi a seva, ndi ofunika kuwayesa.

Za malo cgroups sizitsata konse. Pamafunika df -h, komanso df -i, chifukwa timafayilo tambirimbiri timatha kumaliza ma inode (manambala a m'kaundula wa mafayilo) malo akadalipo. df ikamati disiki yadzaza koma du, yowerengera kukula kwa mafayilo, ikukana, lembani lsof +L1: pali log imene inafufutidwa pulogalamu ikadaigwirabe, ndipo malowo sabwerera mpaka mudzutsenso pulogalamuyo. Docker nayo, mukaisiya mmene inabwerera, sidula ma log ake. Ikani max-size ndi max-file mu daemon.json, podziwa kuti zigwira pa makontena atsopano okha.

Chinanso, manambala onse a m'magulu amakhala m'memory. Magetsi akathima kapena service ikadzutsidwanso, amayambira pa 0. Ndiye umboni uyenera kumasungidwa kwina. Njira yathunthu ndi cAdvisor ndi node_exporter zotola manambala pa seva, Prometheus yowasunga pa kompyuta ina, ndipo kumbukirani kuti Prometheus imasunga masiku 15 okha mukapanda kusintha. Vuto lobwera pakutha pa mwezi likufuna masiku 45 kuti muyerekeze miyezi iwiri.

Ndiye chitani chonchi, achimwene. Sabata ino patulani ntchito zinayi zija, iliyonse gulu lake. Lembani ka script kotenga mafayilo atatu a pressure, cpu.stat, memory.events, io.stat ndi mizere ya anon ndi file mphindi iliyonse, n'kumaunjika mu fayilo imodzi pamodzi ndi nthawi. Apempheni a ku akaunti azilemba ola limene makina akwawa. Malipiro a mwezi uno akadutsa, ikani mapepala awiriwo pamodzi, ndipo muyambe ndi io.pressure ya database.