RAM yanu sinabedwe, ili m'manja mwa ZFS

Achimwene, mwati seva yanu ya Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma VM (makompyuta ongoyerekeza a mkati mwa seva), ili ndi RAM ya 32 GB, ma VM onse pamodzi sakufika 10 GB, koma lamulo loonetsa memory la free -h likuonetsa 26 GB pa used. Popeza madisiki anu ali pa ZFS, dongosolo losungira mafayilo pa disiki, musathamangire kogula RAM ina. Amene wagwira memory imeneyo ndi ARC, cache ya ZFS, malo a mu RAM amene ZFS imasungamo zimene yawerenga pa disiki.

Pa madongosolo ena osungira mafayilo monga ext4 kapena XFS, zimene mwawerenga pa disiki Linux imazisunga mu page cache, ndipo free amaziika pa buff/cache. ZFS imasunga zake payokha, ndiye free amangoziwerengera pa used ngati ndi pulogalamu wamba. Kwa zaka zambiri OpenZFS, ZFS ya pa Linux, inkalola ARC kukula mpaka theka la RAM yonse. Kwa inu ndi 16 GB. Onjezani 10 ya ma VM, 26 ija yakwana. Proxmox kuyambira 8.1 imaika malire a 10% ikamaikidwa koyamba, koma makina akale amene munangowakweza kufika pa Proxmox yatsopano amatsala ndi malire akale aja.

Musangokhulupirira ine, yesani nokha, makamaka usiku pamene palibe akugwiritsa ntchito seva. Tsegulani mawindo awiri. Pa loyamba yang'anani /proc/spl/kstat/zfs/arcstats, mizere ya size (kukula kwa ARC panopa) ndi c_max (malire ake), kapena lembani arcstat 1 kuti muziona manambala sekondi iliyonse. Pa lachiwiri werengani mafayilo akuluakulu ndi cat kupita ku /dev/null mpaka size isiye kukwera. Ikatero, kuti mudye 10 GB ya memory mwadala, lembani stress-ng --vm 1 --vm-bytes 10G --vm-keep --timeout 120s. Muona size ikutsika, ARC ikubweza malo.

Chofunika kwenikweni pa mayesowa ndi liwiro limene ikutsikira. ARC ili ngati mayi woyanika ufa pabwalo la mnansi: mwini bwalo akalifuna amaanula ndithu, koma kuanula sikutha m'kamphindi. Page cache kernel, mtima wa Linux, imaichotsa yokha mwachangu, pomwe ARC imachita kupemphedwa kaye. Ndiye VM yaikulu ikadzuka n'kufuna memory yambiri nthawi imodzi, OOM killer, mbali ya Linux imene imapha mapulogalamu memory ikatha, itha kupha VM ina ARC isanamalize kubweza. Mayeso akatha onani dmesg ngati muli mawu akuti Out of memory.

Mukawapeza mawuwo, kapena seva ikasiya kuyankha pakati pa mayeso, ichepetseni ARC. Mu /etc/modprobe.d/zfs.conf lembani options zfs zfs_arc_max=8589934592, imeneyo ndi 8 GiB, kenako update-initramfs -u ndi kuyatsanso makina. Ine sindingaitsitse kwambiri kuposa apo pa seva ya ma VM, chifukwa ARC ikachepa madisiki amalemedwa, makamaka ngati si SSD. Ndipo malangizo amene ena amapereka, oti muziyendetsa drop_caches (lamulo lofufuta cache) pa cron (pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi zoikika), asiyeni. Mukungotaya zimene seva idzawerengenso pa disiki mphindi zochepa zikubwerazi.