Vitz ikudya tayala lakumbuyo: musathamangire camber, yambani mwayeza toe

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga pamodzi ndi mayankho a anzathu ali pamwambawa. Mwati muli ndi Vitz ya 2008, munaitsitsako pang'ono, tayala lakumbuyo lakumanzere likutha cham'kati, ndipo mukalowa pakhona ndi liwiro kumbuyo kumachita ngati kukufuna kupitirira kutsogolo. Mukufunsa ngati kuwonjezera camber kumbuyo kungaikhazikitse, komanso chifukwa chake a alayimenti (oyeza ndi kuwongola matayala) amangogwira kutsogolo basi n'kukuuzani kuti ntchito yatha. Ena pano akuti ipatseni madigiri 3 igwire msewu. Ine ndikuti camber isiyeni kaye. Chimene chikukutherani tayala ndi kukuopsani pakhona n'kutheka kwambiri kuti ndi toe, ndipo pa galimoto ya mtundu wanuwo toe ikasokonekera ndiye kuti chilipo chapindika kapena chatha.

Tiyambe tamvana pa ziwirizi. Mukaima kumbuyo kwa galimoto n'kuona tayala litapendekera m'kati kumwamba kwake, imeneyo ndi negative camber. Toe ndi kumene tayala laloza mukaliyang'ana kuchokera pamwamba: matayala awiri akayandikana kutsogolo kwake ndi toe-in, akatalikirana ndi toe-out. Tigalimoto ting'onoting'ono tambiri timachoka kufakitale tili ndi negative camber ya pafupifupi digiri imodzi kumbuyo, ndi toe-in ya mamilimita ochepa, awiri, atatu, mwina anayi mukaphatikiza matayala onse. Manambala enieni a galimoto yanu ali m'kompyuta ya makina a alayimenti, ndipo ndi amene muyenera kutsata.

Tsono a alayimenti aja sanakubereni kwenikweni. Vitz yokoka ndi matayala akutsogolo, Fit, Demio, March, Passo, Swift, ngakhale Corolla ya NZE121, kumbuyo kwake kuli chitsulo chimodzi chopingasa cholumikiza matayala awiriwo, chimene amachitcha torsion beam. Camber ndi toe anazikhazikitsa m'chitsulomo pochipanga. Palibe bawuti yoti munthu apotoze. Kusiyana ndi Corolla zakale zija za AE100 ndi AE110, Civic ya m'ma 1990 kapena Mazda Axela, zimene tayala lililonse lakumbuyo limayenda palokha ndipo toe ili ndi posinthira pake. Pamene ndikuwadzudzula ndi poti akanayenera kuyeza kumbuyoko ndithu n'kukupatsani pepala la manambala ake. Kusasinthika si chifukwa chosiyira kuyeza. Makina a matayala anayi amayamba aona kumene kumbuyo kwaloza, kenako n'kuwongola kutsogolo motsatira pamenepo. Ekiselo yakumbuyo ikaloza kumbali, galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu, inu n'kumagwira chiwongolero chokhota pamsewu wowongoka, n'kumabwerera kugalaja mwezi ndi mwezi kukasintha kutsogolo kumene kulibe mlandu.

N'chifukwa chiyani ndikukakamira toe? Camber imangosamutsa kulemera kupita mbali imodzi ya tayala, koma tayalalo limagudubuzikabe molunjika. Toe yolakwika imalikwekwereza. Tayala lopatuka ndi theka la digiri limakokedwa chammbali pafupifupi mamita 9 pa kilomita iliyonse. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, ndiye kuti pa ulendo umodzi wokhawo tayalalo lakhuzidwa pa tara mtunda woposa makilomita awiri ndi theka. Camber yochulukirapo ikakumana ndi toe-out, kukhuzikako konse kumagwera pa kamzere kakang'ono ka m'kati, ndipo ndi pomwe mumapeza waya waonekera m'kati kunja kukadali kwatsopano. Yesani lero lomwe: yendetsani chikhatho mopingasa pamwamba pa tayalalo, kupita m'kati n'kubwerera. Likamasalala popita n'kumakala pobwerera, imeneyo ndi toe. Likakhala ndi zigamba zokumbika mozungulira, apo mashoko atha. Likangotha mosalala mbali imodzi, ndiye tingayambe kukamba za camber.

Za pakhona zija ndi zimene zandidetsa nkhawa koposa tayala. Toe-in yakumbuyo ndi imene imagwira galimoto kuti kumbuyo kuzitsatira kutsogolo. Pakhona kulemera kumapita ku tayala lakunja. Tayala limenelo likakhala ndi toe-out, limayamba kukokera kumbuyo kunja kwa khona. Mukachita mantha n'kuchotsa phazi pa mafuta kapena kuponda buleki, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo kumapepuka, galimoto n'kuzungulira. Vitz ndi yaifupi, ikayamba kuzungulira siyikupatsani mpata woganiza. Inu mwati lovuta ndi lakumanzere, choncho ndingayembekezere kuti mumazimva kwambiri pokhotera kumanja. Tatiuzani ngati zili choncho. Anthu a mipikisano amaikadi dala toe-out pang'ono kumbuyo kwa galimoto zokoka ndi kutsogolo kuti zizikhota msanga, koma iwowo amathamanga pabwalo lotsekedwa, atavala chisoti, popanda thiraki yobwera kutsogolo. Potsika Chiweta kapena Khwekhwelere mvula itagwa, zimenezo simungazifune.

Ndipo kuti ndi lakumanzere sizikundidabwitsa. Timayenda kumanzere, ndiye tayala limenelo ndi lomwe limalowa m'maenje a m'mphepete, limagwa pamene tara wadyeka popatukira minibasi, limagunda ngalande poimika. Ngati lakumanja likutha bwinobwino, kutsitsa kwanu kuja si gwero lokhalo, chifukwa kutsitsa kumakhudza mbali zonse ziwiri mofanana. Mbali imodzi ikasiyana ndi inzake, ganizirani chitsulo chopindika, bushi (karabala kolowa pamfundo) yong'ambika pamene chitsulocho chimagwirira kubodi, beling'i yosewera kapena rimu yopindika.

Kutsitsako nakonso kuli ndi mbali yake. Pa torsion beam galimoto ikatsika, mikono ya chitsulocho imazungulira pang'ono, camber sisintha kwambiri koma toe imasuntha. Ngati munatsitsa podula masipuling'i, bwezeretsani ena athunthu. Sipuling'i yodula sikhala bwino pampando pake, mashoko amagunda pansi pa hampu iliyonse, ndipo tayala limene likudumpha silingagwire msewu kaya camber ikhale yotani.

Musanalipire aliyense, mutha kuona nokha ndi chingwe. Imikani galimoto pasimenti yosalala, mpweya uli wofanana monga mwa kapepala ka pachitseko cha dalaivala. Kokani chingwe mbali zonse ziwiri pa msinkhu wa pakati pa tayala, zingwe ziwirizo zitalikirane mofanana kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, ndipo galimoto ikhale pakati penipeni. Apa ambiri amalakwitsa pogundanitsa chingwe ndi matayala, kuiwala kuti akutsogolo ndi akumbuyo satalikirana mofanana. Kenako yezani ndi rula kuchoka pachingwe kufika pamlomo wa rimu, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake. Mpata wa kutsogolo ukakula, ndi toe-in. Pa rimu ya mainchesi 14, milimita imodzi ndi pafupifupi 0°10', kutanthauza timagawo 10 mwa 60 ta digiri imodzi. Camber mungaione ndi chingwe cholendewera chomangirira nati kumapeto: mpata wa kumwamba kwa rimu ukaposa wa kumunsi ndi mamilimita 6 kapena 7, ndiye pafupifupi digiri imodzi ya negative camber. Si muyeso womaliza, koma ukuuzani ngati tayala lina laloza kwina. Mukadzalandira pepala la makina, onetsetsani kalembedwe kake: digiri ili ndi timagawo 60, choncho 0°30' ndi theka la digiri, pamene 0.30° sikufika ndi limodzi mwa magawo atatu.

Mukapeza kuti zasiyana, yambani ndi zotchipa: mabushi, mabeling'i, mashoko. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, osati ili m'mwamba pajeke, apo ayi rabala imapotoka n'kung'ambika msanga. Mukatero yezaninso. Kusiyana kukatsala kochepa, pali tizitsulo kapena timapulasitiki topyapyala mbali imodzi totchedwa shim, timene amalowetsa pakati pa chitsulo chachikulucho ndi habu, pamene tayala limamangidwapo. Zimatheka pokhapokha habu ikhale yomanga ndi mabawuti, monga ilili pa Vitz yanuyo. Pa galimoto zina anawotcherera, shim ilibe polowa. Shim imakonza pang'ono chabe, ndipo ikazunguliridwa molakwika imakonza camber n'kuwononga toe, choncho woikayo akhale ndi makina oyezera pomwepo, aonenso kuti buleki ndi sensa ya ABS (yothandiza kuti matayala asakhuzike poponda buleki mwadzidzidzi) zakhala m'malo mwake. Mawashala wamba olowetsa pa mabawuti awiri okha ndimawakana: habu imatsala yogwira pang'ono, ndipo ndi imene yanyamula tayala lanu.

Kusiyana kukakhala kwakukulu, chitsulocho chapindika, gulani china kwa ogulitsa zida za galimoto zophwasula, ndipo chikamangidwa chiyezedwe musanatsazike. Wina akuuzani kuti achiwotcha ndi gasi n'kuchiwongola. Musalole. Chitsulo chimenecho anachipanga kuti chizipotoka n'kubwerera galimoto ikamakhota, ndipo moto umachifooketsa pamene pawotchedwapo. Pepala la makina likhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino tsiku limenelo, koma dzenje loyamba lichibwezera pomwe chinali, mwinanso kuchiyambitsa mng'alu.

Nanga camber ya madigiri 3 ija? Negative camber pang'ono imathandizadi tayala lakunja kuponda lonse galimoto ikapendekeka pakhona, n'chifukwa chake afakitale anaiika kale. Kupitirira apo, pa msewu wowongoka mumayendera m'mphepete mwa tayala, buleki imachepa mphamvu, matayala n'kumatha msanga. Komanso galimoto yokoka ndi kutsogolo, ili bwinobwino, imayamba kutaya msewu kutsogolo osati kumbuyo, ndiye kuwonjezera camber kumbuyo n'kuchiza kumene sikukudwala. Galimoto zimene mumaona pazithunzi, matayala atatambalala pansi, n'zokongoletsa basi.

Pomwe muli pansipo yang'ananinso matayala enieniwo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi matayala a m'chisanu olembedwa studless. Ndi ofewa, pa tara wotentha amagwedezeka, ndipo kumbuyo kumamveka kosakhazikika ngakhale alayimenti ili bwino. Pambali pa tayala palinso manambala anayi a sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndi sabata ya 23 ya 2018. Ngati ndalama ikukwana awiri okha atsopano, aikeni kumbuyo ngakhale galimoto imakoka ndi kutsogolo, chifukwa kumbuyo kukaterereka m'madzi chiwongolero sichikuthandizani.

Kapangitseni alayimenti ya matayala anayi, muwauze asindikize manambala asanakhudze kanthu, mujambule pepalalo mutiponyere pano pamodzi ndi chithunzi cha tayalalo. Ndikufuna kuona toe ya kumanzere ndi ya kumanja payokhapayokha, osati yophatikiza. Kufikira nthawi imeneyo, tayala lotha m'katilo lichotseni, ndipo pakhona muzichepetsa liwiro musanalowe, osati muli kale m'kati.