Funsani za Kuthamanga: Tinjira ta pa Chilumba cha Mount Desert

Funso: Zikomo achimwene. Ndine mtsikana wa zaka 26, ndikuphunzira ku Boston kuno ku America. Ndimathamanga makilomita 10 pamsewu wa phula popanda vuto. Anzanga akukonza ulendo wopita ku Acadia National Park mu Seputembala, ndipo ndikufuna kukayamba kuthamanga m'tinjira ta m'tchire. Ndiyambire pati? Ndaona zithunzi za njira yotchedwa Precipice, mtima wanga uli pomwepo.

Yankho: Chemwali, ndiyambe ndi Precipice yomweyo. Imeneyo si njira yothamangamo. Imakwera thanthwe lochita kuima la phiri la Champlain, ndipo m'malo ambiri munthu amagwira zitsulo zokhomedwa pamwala, m'munsi muli phompho. Njira ya Beehive nayonso ndi chimodzimodzi, kungoti ndi yaifupi. Ngati mukufuna kuzikwera, pitani tsiku lopanda mvula, muziyenda pang'onopang'ono, manja onse awiri ali opanda kanthu, ndipo potsika mudzere njira ina. Dziwaninso kuti Precipice imatsekedwa miyezi yambiri kuyambira cha mu Malichi mpaka cha mu Ogasiti chifukwa akabawi amaswera pathanthwepo.

Pamene ndikufuna muyambire ndi m'misewu ya ngolo, imene eni ake amaitcha carriage roads. Mbali yaikulu ya pakiyi ili pachilumba cha Mount Desert, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic m'chigawo cha Maine, ndipo pachilumbapo John D. Rockefeller Jr. anamangitsa misewu imeneyi pakati pa 1913 ndi 1940 kuti anthu aziyendamo pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi osakumana ndi galimoto. Mpaka lero galimoto sizidutsamo. M'kati mwa paki muli makilomita pafupifupi 72 a misewuyi. Ndi yotakata, yoyalidwa timiyala tophwanya totsendereka bwino, ndipo popeza anaikonzera mahatchi okoka katundu, zitunda zake n'zokwera mwapang'onopang'ono. Kwa munthu wochokera paphula ngati inu, palibe malo abwino ophunzirira kuposa amenewa: phazi limazolowera nthaka yosalingana, koma simukhala ndi mantha obinya akakolo.

Tsiku loyamba zungulirani dziwe la Witch Hole, makilomita 5 ndi pang'ono, kufupi ndi tauni ya Bar Harbor. Mukaona kuti miyendo ikufunabe, pitani ku Eagle Lake, kumene kuzungulira nyanja yonse kumayandikira makilomita 10 anu aja. Ine ndimaikonda Eagle Lake m'mamawa njinga zisanachuluke. Kumwera kwake kuli chitunda chachitali chimene chimakupezani mutayamba kudzimva kuti zinthu zili bwino, ndiye musathere mphamvu koyambirira. Pamphambano iliyonse pali mtengo wachikwangwani wokhala ndi nambala, ndipo nambala zomwezo zili pamapu a paki. Tengani mapu a pepala, chifukwa netiweki ya foni imasowa m'zigwa zambiri. Mukakumana ndi mahatchi, chepetsani liwiro, apatseni njira.

Tsiku lachiwiri ndilo la nyanja yamchere. Ocean Path imayambira ku Sand Beach n'kukathera ku Otter Point, makilomita pafupifupi 3.5, ndiye kupita ndi kubwera ndi 7. Imadutsa pa Thunder Hole, mphako ya m'thanthwe mmene mafunde amalowa n'kuphulika ndi mkokomo. Kukongola kwake sindingakukokomezeni, koma njirayi ndi yopapatiza ndipo imatsatana ndi msewu wa galimoto. Dzuwa likangokwera mumadzaza anthu, ana ndi ojambula zithunzi, ndipo wothamanga amangokhala chosokoneza. Lawirirani mbandakucha. Mukafuna kulawako phiri, patukirani njira ya Gorham Mountain, mukwere, mutsikire mbali ina n'kubwereranso ku Sand Beach.

Apa ndipo pali mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse. M'tinjira ta ku Acadia musawerenge makilomita, muziwerenga nthawi. Mapiri ake si aatali. Cadillac, lalitali koposa onse, ndi la mamita 466 okha. Koma pansi pake ndi mwala wa granite, mizu ya mitengo ndi masitepe amiyala osalingana. Kilomita imene mumaimaliza m'mphindi 6 ku Boston ingakudyereni mphindi 12 kapena kuposa, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Pokwera pamene paima, yendani, manja pamawondo. Othamanga odziwa bwino amatero, sachita nazo manyazi. Potsika fupikitsani mapazi, maso akhale patsogolo pang'ono, osati pa zala zanu. Mwala umenewu ukauma umagwira nsapato bwino kwambiri, koma kukagwa mvula kapena nkhungu ya kunyanja ikaunyowetsa, umaterera ngati sopo. Nkhunguyo imabwera msanga, ndipo pamtunda wopanda mitengo mukhoza kusiya kuona njira m'kanthawi kochepa.

Ngati masiku awiriwo ayenda bwino, tsirizani ndi Cadillac kudzera njira ya South Ridge, yoyambira pafupi ndi msasa wa Blackwoods. Ndi makilomita opitirira 11 kupita ndi kubwera. Poyamba mumadutsa m'nkhalango ya mizu yambiri, kenako mumatulukira pathanthwe loyera, nyanja ndi tizilumba zili kumbuyo kwanu. Kwa ine iyi ndiyo njira yokoma kuthamangamo kuposa zonse pachilumbachi, chifukwa imakwera mofatsa ndipo potsika nyanja imakhala pamaso panu mtunda wautali. Tsatirani timizere ta penti yabuluu pamiyala ndi timilu ta miyala tosanjidwa mwadala. Timilu timeneti, totchedwa Bates cairns, tili ndi mwala pamwamba woloza kumene njira ikupita. Musawonjezerepo mwala kapena kumanga tanu, mungasocheretse wobwera pambuyo. Nyamulani madzi ndi jekete yotchinga mphepo, pamwamba pamazizira ngakhale kumunsi kutatentha.

Chiphaso cholowera m'paki chimafunika ngakhale mukulowa wapansi. Basi yaulere ya Island Explorer imayenda kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka mu Okutobala, choncho mukhoza kuthamanga kuchokera malo ena n'kukakwerera malo ena.

Funso: Ndinamva kuti ku Bar Harbor munthu atha kuthamanga kuwoloka nyanja kupita pa kachilumba kena. Ndi zoona? Ndine bambo wokhala ku Portland.

Yankho: Ndi zoona bambo, koma nyanja ndiyo imalamula. Madzi akaphwa, pamaonekera mtunda wa timiyala wolumikiza tauniyo ndi Bar Island, kuyambira kumapeto kwa Bridge Street. Umawolokeka kwa ola limodzi ndi theka madzi asanafike pophwetsetsa, ndi ola limodzi ndi theka pambuyo pake. Mukachedwa, madzi amabwerera n'kutseka njira, ndipo mudzadikira kutsidyako maola pafupifupi 9. Musayese kuwoloka madzi atayamba kudzaza, ndi ozizira kwambiri ndipo amakwera mofulumira. Onani ndandanda ya kuphwa kwa madzi ya tsikulo musananyamuke, nthawi yake imasintha tsiku ndi tsiku. Mtunda wonse kupita ndi kubwera ndi makilomita 3 basi, wongotenthetsera thupi.

Funso: Kodi nsapato zanga za pamsewu zikwanira? Nanga kuli zilombo zoopsa?

Yankho: M'misewu ya ngolo zikwanira. Pa Jordan Pond Path, yozungulira dziwe makilomita 5.3, zingathenso, koma mbali ya kumadzulo ndi ya matabwa opapatiza oyalidwa pamwamba pa nthaka yonyowa, ndipo pamenepo muyenera kuyenda, osathamanga, kuti mupatsane njira ndi anzanu popanda kuponda zomera. Kumapiri pezani nsapato za mphira wogwira pamwala.

Chilombo chimene ndimachiopa kumeneko ndi chaching'ono kwambiri: nkhupakupa. Za ku Maine zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo zina n'zazing'ono moti simuzimva poluma. Valani sokosi zazitali, pakani mankhwala othamangitsa tizilombo, yendani pakati pa njira osakhudza udzu. Mukabwerako dzifufuzeni thupi lonse, makamaka kuseri kwa mawondo, m'khwapa, m'chiuno ndi m'tsitsi. Mukaipeza itakakamira kale pakhungu, izuleni ndi kopanira kakang'ono pogwira kumutu kwake. Pakatuluka chizindikiro chofiira chomakula pakhungu, kapena mukayamba kutentha thupi m'masabata otsatira, pitani kwa dokotala ndipo mumuuze kuti munali kutchire ku Maine.